CHIDUTSWA CHA NJERWA CHA ANGANGA ANGA

Lero sindinabwere ndi ulaliki. Ndabwera ndi mbiri, ndipo mkati mwa mbiriyo muli kulakwa kwanga komwe ndayenda nako zaka zoposa 30. Nkhaniyi ndi yotalikirapo, nde khalani pansi muwerenge mofatsa.

Ine kwathu ndi ku Mbulumbuzi, m'boma la Chiradzulu, m'mbali mwa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Zomba. Amene anandilera kwambiri ndi mayi awo a mayi anga. Ena mumati agogo, ife kwathu kuno timati anganga. Anali mayi wamfupi, wa mawu ochepa, Mlomwe, membala wa mpingo wa PIM kuyambira ali kumsana mpaka tsiku lowaika m'manda. Tsiku lawo lobadwa sankalidziwa. Zaka ankawerengera zochitika. Ukawafunsa kuti munabadwa liti, ankati, "Chaka chomwe a Malikebu anatsegulanso mishoni." Apo ndiye kuti 1926. Mwana wawo wachiwiri anabadwa "njala isanagwe", mayi anga "a Kamuzu asanabwere". Kalendala yawo inali imeneyo.

ZOMWE NDINACHITA

Chaka cha referendamu, 1993, ndinali mnyamata ku Ndirande ndipo ndinalandira Yesu kukhala Mbuye ndi Mpulumutsi wanga. Zimenezo sindinong'oneza nazo bondo, ndipo sindidzabwerera m'mbuyo. Koma abale anga, moto wa mnyamata wongotembenuka kumene umawotcha zinyalala ndi nkhokwe yomwe. Tinkaphunzitsana kuti chilichonse chakale n'chomangidwa, kuti mipingo ya makolo athu ndi chipembedzo chozizira, kuti m'nyumba za kumudzi mwadzaza zithumwa. Mumtima ndinkati tsobola wakale sawawa.

Nthawi ya Khirisimasi ndinapita kumudzi ndi cholinga chokayeretsa nyumba ya anganga. Iwo ali kumunda, ine ndinalowa kuchipinda kwawo n'kuyamba kufufuza. M'kathumba momwe ankasungamo Baibulo ndinapezamo kanthu kolimba, kokulungidwa m'kansalu kakale, komangidwa mfundo zitatu. Mtima unagunda. Ndinati eya, ndachipeza chomwe chamanga banja lathu. Nditamasula ndinaona kamwala kofiirira, kosaposa bokosi la machesi. Ndinakadzudzula m'dzina la Yesu, ndinakatenga, n'kukaponya m'chimbudzi.

Atabwera kumunda ndinawauza monyadira. Sanandikalipire. Anatula khasu, anasamba m'manja, anaphika nsima ya nandolo, n'kundipatsa. Ndinadya mpaka kukhuta. Madzulo titakhala pakhonde ndi pamene anayankhula, ndi nthabwala ija agogo amaitanira adzukulu awo aamuna, koma ulendo uno mopanda kuseka.

"Amunanga, mwataya tchalitchi cha amayi anga m'chimbudzi."

Usiku umenewo anandifotokozera. Zina ndinadzawerenga ndekha patapita zaka, ndipo ndinapeza kuti zomwe mayi wosadziwa tsiku lake lobadwa anandiuza zinkagwirizana ndi za m'mabuku.

KUMENE TINACHOKERA

Mayi awo a anganga anawoloka malire ali kamtsikana, kuchokera ku Mozambique, dziko lomwe nthawi imeneyo linali m'manja mwa Apwitikizi. Alomwe ambiri anabwera choncho kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kuthawa ntchito yokakamiza, misonkho ndi njala. Atafika kuno anapeza malo abwino ali kale m'manja mwa azungu a maesiteti. Kufupi ndi kwathu kunali esiteti yaikulu ya A. L. Bruce, yomwe likulu lake linali ku Magomero. Magomero yomweyo ndi pamene Bishopu Charles Mackenzie anayesa kukhazikitsa mishoni mu 1861, koma iye anamwalira mu Januware 1862 ndipo ntchitoyo sinakhalitse.

Wobwera analibe posankha. Ukafuna pomanga nyumba ndi polima, unkalowa thangata: kugwira ntchito m'munda wa thonje kapena fodya wa mzungu m'malo mwa lendi, kuwonjezera apo ntchito ya msonkho wa boma. Thangatayo inkagwa nthawi ya dzinja, pamene munda wako nawo ukufuna khasu. Mwezi wa thangata unkatalika monga afunira kapitawo. Woyang'anira esiteti ya Magomero anali William Jervis Livingstone, ndipo mbiri yake pakati pa anthu inali ya chikoti. Alomwe ankatchedwa dzina lachipongwe loti Anguru, moti ambiri anayamba kuchita manyazi ndi chiyankhulo chawo.

Tsono m'boma lomweli munali chinthu china chachilendo. Mu 1900 John Chilembwe anabwerako ku America, komwe anapita mu 1897 ndi Joseph Booth n'kukaphunzira zaubusa ku Lynchburg, Virginia. Anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Taganizani, m'busa wakuda, sukulu ya anthu akuda, mpingo woyendetsedwa ndi anthu akuda, m'dziko lomwe munthu wakuda ankayenera kuvulira mzungu chipewa panjira. Akuda anzathu a ku America a National Baptist Convention anatumiza omuthandiza, Landon Cheek ndi mayi Emma DeLany. Mayi DeLany anayambitsa maphunziro a amayi, kusoka ndi zina, ndipo atachoka ntchitoyo anaipitiriza ndi mayi Ida Chilembwe, mkazi wa m'busayo.

Kwa Mlomwe wa pa thangata, Mbombwe anali malo amene ankatchedwa mlongo, osati Nguru. Nchifukwa chake ambiri anathamangira kumeneko. Pakati pa 1911 ndi 1913 mpingo unamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa. Mabuku amatchula amene anatsogolera ntchitoyo. Anganga anandiuza za amene anasenza. Mayi awo, ali namwali, ankatunga madzi opondera dothi ndi kusenza njerwa pamutu kuchokera pa uvuni. Ankati khosi linkawawa, koma ankasenza akuyimba, chifukwa aka kanali koyamba kusenza katundu wosakhala wa mzungu.

1915

Zinthu zinafika poipa. Pa esiteti ya Bruce sankalola matchalitchi ndi masukulu a PIM, ndipo tinyumba topemphereramo taudzu tomwe akhristu ankamanga tinkatenthedwa. Mu 1914 nkhondo yaikulu ya azungu inafika mpaka ku Karonga, ndipo anthu akuda anafa pa nkhondo yomwe sinali yawo. Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula za magazi a anthu ake. Boma silinamve.

Loweruka pa 23 Januware 1915 usiku, anthu a Chilembwe anaukira. Ku Magomero anapha Livingstone n'kumudula mutu, ndipo azungu ena awiri aamuna anaphedwanso pa esitetiyo. Akazi ndi ana a azungu sanawapweteke. Mishoni ya Akatolika ya Nguludi inatenthedwa. Pasanathe masabata awiri zonse zinali zitatha. Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale 1915 akuthawira cha ku Mozambique. Anthu oposa 30 anaweruzidwa kuti aphedwe, mazana anamangidwa, midzi inatenthedwa. Ndipo tchalitchi chija asilikali a boma anachiphulitsa.

Ine ngati m'busa sindingaime pano n'kunena kuti kudula munthu mutu ndi njira ya Yesu. Anganga nawo sankanena choncho. Ankangoti, "Amuna anachita zawo, boma linachita zake, otsala ndi misozi anali azimayi." Mayi Ida Chilembwe anamwalira mu 1918, nthawi ya mliri wa chimfine.

Patapita miyezi, mantha atachepako, mayi awo a anganga anadutsa ku Mbombwe ngati munthu wongodziyendera. Anawerama ngati akuchotsa minga kuphazi, n'kutola kachidutswa ka njerwa pa bwinja la tchalitchi. Anakamanga pa nsonga ya nsalu. Ndi kamene ine ndinakaponya m'chimbudzi patatha zaka 78.

ZAKA 11 ZOPANDA M'BUSA

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, makamaka inu azibusa anzanga. Kuyambira 1915 mpaka 1926 PIM inali yotsekedwa. Kunalibe m'busa, kunalibe tchalitchi, kunalibe belu, kunalibe chopereka. Kungodziwika kuti ndiwe wa Chilembwe kunali kudziitanira mavuto. Mwa nzeru za umunthu mpingo umenewo unayenera kufa.

Koma mu 1926 Dr Daniel Malikebu atabwera, sanayambe pa dothi louma. Malikebu anali mwana wa sukulu ya Chilembwe yemwe anatsatira mayi DeLany ku America, n'kukaphunzira udokotala ku Meharry Medical College. Anakwatira Flora Zeto, mayi wobadwira ku Congo yemwe anaphunzira ku Spelman. Atayesa kubwerera mu 1921 boma la atsamunda linawakaniza, ndipo anakatumikira ku Liberia mpaka khomo linatseguka. Atafika ku Mbombwe anapeza anthu akudikira. Funso nali: ndani anasunga anthu amenewo zaka 11?

Anganga ankati mayi awo ankakumana ndi anzawo atatu kapena anayi, nthawi zina pa mtondo, nthawi zina ku dambo kotchola ndiwo. Wina ankayamba nyimbo motsitsa mawu, musi ukugunda kuti asamveke patali. Wina ankanena vesi lomwe analoweza kusukulu ya amayi ija. Akatha ankamasula kansalu, aliyense n'kugwira kanjerwa kaja, osati kukapembedza ayi, koma kukumbutsana kuti tinali ndi nyumba ya Mulungu ndipo tidzakhala nayonso. Kwathu kuno ndi kwa chikamwini. Mwamuna amabwera, nthawi zina amapita, koma mayi ndi mbumba yake amakhala pa nthaka yomweyo. Munda umachoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. Chikhulupiriro nacho chinayenda njira yomweyo.

Lero Chilembwe ali pa ndalama ya K500 ndi ya K2,000, ndipo pa 15 Januware dziko lonse limapuma pomukumbukira. Nzoyenera. Koma azimayi a pa mtondo aja palibe ndalama yomwe ili ndi nkhope zawo.

NJALA, WENELA NDI MANDA

Anganga analandira kanjerwako tsiku la ukwati wawo. Mayi awo anawauza kuti, "Zikadzakuvuta, uzidzakumbuka kuti chogumuka chimamangidwanso." Ndipo zovuta sizinachedwe.

Mu 1949 mvula inadula ndipo kuno kum'mwera kunagwa njala yomwe akuluakulu amaitchulabe mpaka lero. Amuna ambiri anachoka kukasaka chakudya kwa abale awo kutali, ena osabwereranso. Agogo aamuna nawo anapita. Anganga anatsala ndi ana awiri, wina kumsana wina kumanja. Anadya gaga, anadya mizu yakutchire, anayenda mitunda kukagwira ganyu wolipidwa makaka. Wamng'onoyo anamwalira. Anandiuza kuti tsiku lomuika analibe mphamvu zolira, ndipo pemphero lawo linatuluka m'Chilomwe, chiyankhulo chomwe sankachiyankhula pagulu. Kuyambira pamenepo, ukamva anganga akupemphera m'Chilomwe unkadziwa kuti zafika pa fupa.

Agogo aamuna anabwerako njala itatha, ndipo anganga anawalandira. Ankhoswe anafuna kuti nkhani ikambidwe, iwo anati yatha. Kenaka bamboyo analowa Wenela, kupita ku migodi ya ku Joni monga amuna ambiri a nthawi imeneyo. Ulendo uliwonse ankabwera ndi bulangete ndi sutikesi, n'kusiya mimba, n'kubwereranso. Zinatha mu 1974, ndege yonyamula anthu a ku migodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo a Kamuzu Banda analetsa Wenela kulemba anthu kuno. Agogo anabwerera kumudzi ndi chifuwa chomwe sichinawasiye mpaka imfa.

Zaka zonsezo amene ankalima, kulipira fizi, kusaka ya msonkho ndi kutengera ana kutchalitchi anali anganga. Ankagulitsa tomato ndi masamba pa msika wa Mbulumbuzi. Kuwerenga anaphunzira ali wamkulu kale, ku gulu la amayi a mpingo, ndipo Buku Lopatulika lawo linali lakuda m'mphepete chifukwa cha utsi ndi zala. Tambala woyamba akalira ankadzuka n'kuyamba kutchula mayina, mwana mmodzimmodzi, mdzukulu mmodzimmodzi, mpaka akamwini omwe anathawa. Ine ndili mwana zinkandinyansa chifukwa zinkandidula tulo. Akamaphika ankatapa kaufa dzanja limodzi n'kuika m'kamphika kapadera. Umenewo unali wa pamaliro ndi wa mlendo. Ngakhale chaka cha chilala cha 1992, pamene tinkadya nsima ya chimanga chachikasu, kamphikako sikanakhale kopanda kanthu.

Nde uyu ndi munthu amene ine, mnyamata wa miyezi isanu ndi umodzi mu chipulumutso, ndinapita kukamumasula.

Usiku uja atatha kufotokoza ndinasowa chonena. Koma ndisakunamizeni kuti ndinalapa pomwepo. Kunyada kunandigwira pakhosi. Ndinati, "Komabe anganga, Mulungu safuna zinthu zogwirika." Iwo anangoti, "Chabwino abusa," ndipo nthawi imeneyo n'kuti ndisanakhale m'busa. Anayala mphasa, anandifunditsa, ndipo m'bandakucha ndinamva dzina langa likutchulidwa monga mwa masiku onse.

Amene anandiphunzitsa ndi manda. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Edzi inalowa m'mudzi mwathu ngati moto wa m'chilimwe. Pa ana awo asanu ndi mmodzi amene anakula, anganga anaika anayi, mmodzi mwa iwo mayi anga. Ine ndinabwera ndi anzanga, tinasala kudya, tinadzudzula mzimu wa imfa usiku wonse, ndipo m'mawa tinakwera minibasi kubwerera ku Blantyre. Amene anatsala kuchapa zofunda, kutembenuza wodwala, kumumwetsa phala ndi supuni ndi kumutseka maso anali anganga. Anthu ena ankaopa ngakhale kugwira kapu ya wodwala. Iwo ankagona naye pa mphasa imodzi. Pamene bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV ku Chiradzulu mu 2001, zaka zitatu boma lisanayambe kupereka aulere m'dziko lonse, anganga ndi amene anakakamiza mwana wawo wotsiriza kukayezetsa. Ena ankati kumwa mankhwala ndi kuchepa chikhulupiriro. Iwo anati, "A Malikebu anali m'busa komanso dokotala. Imwa, ine ndipemphera." Mayi aang'onowo ali moyo mpaka lero, ndipo ali ndi zidzukulu. Haleluya!

Pa msinkhu woti azisamalidwa, anganga anayambanso kulera. Ana amasiye asanu ndi awiri m'nyumba ya zipinda ziwiri. Palibe mmodzi yemwe anagona ndi njala iwo atadya.

Tsiku lina ndikukonza ulaliki ndinafika pa 2 Timoteo 1:5, pomwe Paulo akukumbutsa Timoteo kuti chikhulupiriro chake chinayamba mwa agogo ake a Loisi, n'kudzera mwa mayi ake a Yunike. Ndinaganizanso za Yoswa 4, pomwe ana a Israeli anatola miyala 12 mu Yordano kuti ana akadzafunsa adzauzidwe zomwe Mulungu anachita. Abale, ndinatseka Baibulo n'kulira ngati mwana. Mwala wachikumbutso wa banja lathu ndinali nditautaya ndi manja angawa, ndisanafunse n'komwe kuti ndi chiyani. Safunsa anadya phula.

Ndinakwera basi kupita ku Mbulumbuzi. Ndinawapeza akusenda kalongonda pakhonde. Ndinagwada pa dothi, suti ili m'thupi, n'kunena kuti, "Anganga, ndinakulakwirani. Mundikhululukire." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaseka.

"Amunanga, dzukani mudetsa thalauza. Njerwa ija inagwira kale ntchito yake. Mukanapanda kuitaya, mukanakhala pansi kumva nkhani yake?"

Anamwalira chaka chomwe a Bingu wa Mutharika anamwalira, 2012. Ndikuwerengera mmene iwo ankawerengera. Pa maliro awo amayi a mpingo anayimba usiku wonse, ndipo panabwera anthu omwe sitinkawadziwa, aliyense ndi nkhani yake ya kaufa ka m'kamphika kaja.

MAWU KWA ANZANGA A CHIPENTEKOSTE

Ndimakhulupirira mphamvu ya Mzimu Woyera. Ndimakhulupirira kuti zithumwa zilipo ndipo ziyenera kutayidwa. Koma si chilichonse chomangidwa m'kansalu chomwe ndi chithumwa, ndipo si nkhalamba iliyonse yomwe ndi mfiti. M'dziko muno agogo athu akumenyedwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa chonamiziridwa ufiti, ndipo nthawi zina moto umenewo umayambira pa maulosi a ife azibusa. Tisanaloze chala tiyambe tafunsa. Uthenga sunafike m'Malawi tsiku lomwe ife tinagula masipika. Tinaupeza uli wamoyo chifukwa wina anausunga pa mtondo zaka 11 popanda m'busa, wina anaupempherera m'Chilomwe pa manda a mwana wake mu 1949, wina anauonetsa pochapa zofunda za wodwala Edzi. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Ku Mbombwe lero kuli tchalitchi chachikulu chomwe chinamangidwa mu nthawi ya a Malikebu. Ndikapitako ndimaima kaye panja, n'kuyang'ana pansi, kuganiza za namwali uja anawerama ngati akuchotsa minga.

Ngati agogo anu ali moyo, musadikire maliro. Pitani sabata ino. Tengani shuga ndi sopo, zimitsani foni, khalani pa mphasa, muwafunse kuti munachokera kuti, munadutsa mu zotani, ndani anakuphunzitsani kupemphera. Ngati munawalakwira ngati ine, gwadani akadali ndi makutu omvera. Ine ndinapeza mwayi umenewo mwa chisomo chabe.

M'nyumba mwanga tsopano muli kamphika kapadera. Mkazi wanga akamaphika amatapa dzanja limodzi. Ndipo tambala woyamba akalira, ngakhale kuno kutauni ndi alamu ya pafoni, ndimadzuka n'kuyamba kutchula mayina. Ana anga amadandaula kuti ndimawadula tulo.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.